Nthambo ya kwa Nagama

Inu mumati mizimu imaopa magetsi ndi zinthu za makono. Kaya anakunamizani ndani. Sonkhezani motowo, mukhale bwino, mumve zimene zinawaonekera a Felesiya a ku Kasinje, mayi woti ngakhale maloto sankawawerengera.

A Felesiya ankagulitsa tomato ndi anyezi pa msika. Anali mayi wa pakamwa pakuthwa, wosachedwa kuganiza, ndipo akaganiza sankadikira munthu. Mchimwene wawo anali mmodzi yekha, a Laisoni, amene anakakwatira chikamwini kwa Kaphande, m'chigwa china chobisika kuseri kwa mapiri. Akazi awo anali a Nagama. Mphatso ya mwana Mulungu sanawapatse, ndiye awiriwo anakalamba akuyang'anana, iwo ndi wailesi yawo ya kanema. Anthu ankaseka kuti kanemayo ndiye mwana wawo wachisamba. Ankamufunditsa kansalu koluka, kumupukuta m'mawa uliwonse, ndipo sola ya padenga inkagwirira iyeyo ntchito. Nyali zinkangodyerera.

Kanema wakale uja anali ndi chifundo. Ankaonetsa ngakhale mwa mpunga, munthu n'kumaganizira wekha kuti uyu ndi m'busa, iyi ndi mbuzi. Wa madikoda wa masiku anoyu, amene anali naye a Laisoni, alibe zimenezo. Akagwira wagwira, chithunzi mbee. Akakana wakana, pagalasi bii. Chithunzicho chimachokera pa nsanja ya pamwamba pa phiri la Dedza, ija imaphethira kagetsi kofiira kukada. Kwa Kaphande phirilo limangosuzumira pakati pa zitunda ziwiri, moti eriyo ikapotoka pang'ono pokha, zathera pomwepo.

A Laisoni anamangirira eriyo yawo pa nsungwi yaitali n'kuiimika kuseri kwa nyumba. Mphepo ya kumeneko siisiya chinthu mmene yachipezera. Choncho dzuwa likangolowa ntchito inali imodzi: bambo kunja kupotoza nsungwi, mayi m'nyumba maso pagalasi, kukuwira pa zenera.

"Kumanja! Mwapitiriza! Bwererani pang'ono, abambo inu, manjawo ndi a chitsulo? Pang'ono. Pamenepo! Mangani!"

Mudzi wonse unkadziwa kuti a Nagama akati mangani, nthawi yakwana yoti ana alowe m'nyumba.

A Nagama anamwalira chimanga chikumasula. Anangodandaula mutu, m'mawa mwake n'kutsogola. Anawaika kumanda a kwawo, kutsidya kwa kamtsinje, mu msitu uja sadulamo mtengo. Tsono mkamwini akaferedwa samangonyamula kachikwama ulendo wa kwawo ayi. Amadikira akuchikazi aphike thobwa, amumete, amusudzule, anene pamaso pa anthu kuti ukwati watha, munthuyu ndi mfulu. Tsikulo lisanafike akadali mwamuna wa malemu, ndipo katundu wa m'nyumba sakhudzidwa. Malume a malemu, a Zefaniya, anati mwambowo udikire anthu akolole.

Anthu atakolola, a Felesiya analandira foni kuchokera kwa Dorika, mng'ono wa malemu, amene nyumba yake inali yoyandikana ndi ya a Laisoni. Sananene zambiri.

"Mayi, bwerani mudzawaone alamu. Sakudwala ayi. Koma bwerani."

A Felesiya anasiyira mnzawo benchi ya tomato n'kukwera minibasi. Mumtima anali atamaliza kale: akasudzulidwe, ndimutenge, tibwerere kwathu.

Anawapeza a Laisoni akusesa pabwalo, atawonda pang'ono koma akuyankhula bwinobwino. Anafunsa za abale, za mvula, za mtengo wa tomato. Chimene chinawadabwitsa a Felesiya chinali nsungwi. Sinali kuseri kwa nyumba. Inali itayedzamira mtengo wa mango wa kumapeto kwa bwalo, ndipo nthambo yake inkatuluka pa zenera n'kumakwawa pansi mpaka kumeneko, yolumikizalumikiza, mfundo zake zokulungidwa ndi timapepala ta shuga.

"Achimwene, nsungwi ikutani kutali konseko?"

"Netiweki inasamuka, achemwali. Pano siikugwiranso."

"Imasamuka ngati munthu?"

"Kaya. Ife timangotsatira."

Dzuwa litalowa, a Felesiya ali pakhonde akusenda mbatata, a Laisoni analowa m'nyumba, kuvundukula kanema, kumuyatsa, n'kutuluka. Anakanyamula nsungwi ija, kuiimika pa chifuwa, n'kuima chete mutu utapendekera ku nyumba.

"Ee?" anatero. "Patsogolo?"

Anasuntha pang'ono. Anaimanso.

"Kumanzere? Chabwino, musakalipe."

A Felesiya anaika mpeni pansi. Kunja kunali zii, kupatula nkhuku zikukangana pokwera mu mtengo. Anasuzumira m'nyumba. Munalibe munthu. Pagalasi panali timabokosi tamitundumitundu tothothoka, pena theka la nkhope ya wowerenga nkhani kukamwa kuli yasa, kenako bii. Mpando wa malemu unali pomwe unkakhala, rimoti ili pa mkono wake. Koma m'chipindamo munkamveka fodya wa mphuno, wongonunkhizidwa kumene, ndipo a Laisoni sankakoka fodya chibadwire.

Atatulukanso anaona mchimwene wawo atadutsa mtengo wa mango, akutsata kanjira kolowera kudambo. Nthambo inkawatsatira m'fumbi. Inapita, inapita, mpaka inakungika. A Laisoni anakoka kamodzi, kawiri, ngati mbuzi yomangirira ikafika pothera chingwe. Kenako anapumira m'mwamba.

"Yatha nthambo, Nagama. Mawa."

Anatsamiritsa nsungwi pa chitsamba n'kubwerera. Anadya mbatata bwinobwino, mpaka kupempha yowonjezera.

"Achimwene, mumayankhula ndi ndani kuja?"

"Ndi alamu anu."

"Alamu anga tinawaika m'manda."

"Ndikudziwa, ndinaliko." Anapukuta manja. "Koma nanga wina angadziwe ndani kuti zagwira? Ine ndili kunja, galasi sindikuliona."

Anazinena monga mmene munthu amanenera kuti mchere watha. Chimenecho ndicho chinawaopsa a Felesiya. Akanakhala akulira kapena kubwebweta, akanadziwa pogwira.

M'mawa anakamupeza Dorika akuyanika zovala pa udzu.

"Waya wako woyanikapo ali kuti?"

Dorika anangoloza ndi mlomo ku nyumba ya alamu ake.

"Anayamba ndi wanga. Kenako wa khola la nkhumba la a Zefaniya. Anyamata akudandaula mabuleki a njinga. Palibe amene wawafunsa, tonse tikudziwa komwe zikupita."

"Waya wa khola anganyamule chithunzi?"

"Ine za chithunzi sindizidziwa, mayi."

"Nanga iwe umamva kanthu?"

Dorika anakung'untha chitenje nthawi yaitali, chitenje choti chinalibe fumbi.

"Mawu a achemwali anga ndingawaiwale? Dzuwa likamalowa ndimalowetsa ana, n'kutseka chitseko, n'kutsegula wailesi mokweza. Agalu onse a kuno amasamukira ku mpanda wa sukulu nthawi imeneyo. Mwaonapo galu dzulo?"

A Felesiya anakumbukira kuti sanaonedi galu.

"Ndiye kanjira akutsata alamuko," anatero Dorika motsitsa mawu, "ndi komwe linadzera bokosi la maliro."

A Felesiya sanamwe n'tiyi yemwe. Analunjika kwa a Zefaniya, amene anawapeza akusema mpini pansi pa nkhokwe. Moni anali wachidule.

"Bambo, mchimwene wanga mukumuona kapena mukudikira kudzamuona atagona chagada? Msudzuleni lero, ndimutenge."

"Chimera chauma dzana, mayi. Lachisanu aphika thobwa, Loweruka timumasula."

"Ndiye ndimutenga madzulo ano. Loweruka ndidzabwera naye."

A Zefaniya anasiya kusema.

"Mukamutenga wosasudzula, mwatenga mwamuna wa mwini. Mwini wakeyo akamulondola konko, ndipo kumeneko ife kulibe. Kuno bola tikuona pomwe akuthera. Mwana wathu uja sakudziwa kuti ukwati unatha, palibe anamuuza. Loweruka timuuza. Inu chanu n'chimodzi: m'nyumba muja musakhudzemo kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhonoyo ilibe mchimwene," anatero a Felesiya akudzambatuka.

Anakwiya, koma mantha anali ochuluka kuposa mkwiyo. Makolo awo anapita, abale ena anapita, anatsala awiriwo basi. Akataya a Laisoni, dzina lawo la paubwana silidzatchulidwanso ndi munthu.

Madzulo amenewo anayesa nzeru zawo. A Laisoni atangonyamula nsungwi, nthambo atawonjezera kale ndi waya wa kaya kuti, a Felesiya anaima pa zenera n'kukuwa ndi mawu onse a pamsika.

"Pamenepo! Zagwira, achimwene! Mangani!"

Pagalasi panali bii, koma bodza lopulumutsa munthu ngakhale abusa amalikhululukira. A Laisoni anaima, n'kutembenuka.

"Achemwali, chonde musasokoneze. Mukamayankhula awiri nthawi imodzi sindikumva bwino."

A Felesiya anachoka pa zenera. Sanacheukire ku mpando uja. Anatuluka cham'mbali, msana ukukhula khoma, n'kukakhala pakhonde mpaka nthambo itakungika. Tsiku limenelo a Laisoni anathera pa chulu cha m'mphepete mwa dambo.

Mawa lake a Felesiya anazungulira mudzi wonse kuuza anthu abise waya aliyense. Kachidutswa komwe anakapeza pansi pa bedi la mchimwene wawo anakakakwirira mu dzala la phulusa, palibe amene anawaona. Pobwera kotunga madzi anapeza a Laisoni atakhala pa mkeka, akukapukuta phulusa n'kukalumikiza.

"Mwakapeza bwanji?"

"Andiuza pomwe munaika. Akuti musamataye zinthu za m'nyumba mwawo."

Madzulo amenewo nsungwi inagona itangopitirira chulu chija pang'ono. Ukaima pamenepo, mitengo ya kumanda umaiona masamba ake limodzilimodzi.

Lachisanu kunacha bwino. Kwa Dorika amayi anatereka migolo ya thobwa, utsi tolo, ena akupeta, ena akuseka mokakamiza. A Laisoni anakwera njinga m'mawa, akuti akukameta ndevu pa msika kuti mawa aoneke munthu. A Felesiya mtima unatsikako. A Laisoni anabwerera masana ali wapansi. Njinga panalibe, ndevu zili pomwepo, ndipo pa phewa anali atakoleka mkombero wa nthambo yatsopano, yoyera, yolemera moti ankayenda atapendekera mbali imodzi.

"Njinga ili kuti, achimwene?"

"Ndasinthanitsa. Nanga kwathu ndikupita mawa, ndiwasiye alamu anu opanda chithunzi? Lero ndimalize ntchitoyi."

A Felesiya anagwada, mayi woti sankagwadira munthu. Anawagwira miyendo, kuwakumbutsa mayi awo, kuwakumbutsa mmene ankawaberekera popita kudimba. A Laisoni anawasisita pa phewa mwachifundo.

"Mukulira chiyani? Ndi eriyo chabe."

A Felesiya anathamangira kwa a Zefaniya, koma anali atapita kukaitana ankhoswe kumudzi wina. Anyamata omwe anawapempha kuti adzawagwire a Laisoni anayang'ana pansi. Wina anati kugwira munthu woitanidwa n'kudziitanira wekha.

Dzuwa linalowa. A Laisoni analumikiza nthambo yatsopano ija pafupi ndi zenera, mkombero wonse n'kuusiya pansi pomwepo. Anayatsa kanema, n'kutsika ndi kanjira kukatenga nsungwi pomwe anaisiya dzulo. A Felesiya anaima m'nyumba, pa zenera, maso pa mkomberowo.

Unayamba kusomboka. Nthambo inkachoka pang'onopang'ono, kuima, kuchokanso. Iwo ankayesa ndi maso: yotsalayi ingafike pa mtsinje, ingawoloke, ingakwere mtunda? Ankaona kuti ndi yambiri. Ankaona kuti ingafike ngakhale ku Dedza.

Fodya uja anamvekanso. Kenako kumbuyo kwawo, pafupi moti akanatha kutambasula dzanja, mpando unalira monga umalirira munthu akasendera kutsogolo kuti aone bwino.

"Patsogolo."

Mawuwo sanali okweza. Anali a munthu wotopa, wofuna ntchito ithe.

"Patsogolobe, abambo inu."

A Felesiya sanakuwe. Ndakuuzani kuti anali mayi wosachedwa kuganiza. Anati vuto lonseli ndi nthambo. Popanda nthambo palibe chithunzi, popanda chithunzi palibe chofunafuna, munthu abwerera yekha. Mawu a a Zefaniya anawakumbukira, koma a Zefaniya anali kumudzi wina ndipo mchimwene anali wawo. Mpeni wosendera mbatata unali pa tebulo. Anagwira nthambo pomwe imatulukira pa zenera, kuipinda, n'kuicheka.

"Tione tsopano chimene muziuzana!"

M'nyumba munati zii. Ngakhale amayi a ku thobwa sankamvekanso. Kenako kumbuyo kuja kunamveka mpweya wautali, wa munthu amene watula mtolo.

"Eyaa."

Mkombero wotsala uja unasomboka wonse msangamsanga. Nsonga yodukayo inagwa pansi, n'kuyamba kukwawa m'fumbi, kudutsa bwalo, osaimanso. Pamenepo m'pamene a Felesiya anazindikira. Masiku onsewa mchimwene wawo sankabwerera chifukwa cha njala kapena mdima. Ankabwerera chifukwa nthambo yatha.

"Mayo ine! Achimwene!"

Anathamanga, chitenje chikuwakola, kugwa, kudzuka. Anayesa kuponda nsonga ija koma inali italowa kale mu udzu. Chisisira chinali chitagwa. Kutsogolo, pamwamba pa tsekera, ankaona nsungwi yokha ikuyenda, eriyo ikugwedera, ikuwoloka mtsinje, ikukwera mtunda mosapupuluma. Anaitana dzina lawo lenileni, Laisoni, limene sanalitchulepo chikulire. Nsungwi sinaime. Inalowa m'mitengo.

Amayi a ku thobwa anawapeza pa mtsinje n'kuwagwira, chifukwa kumanda salowako chisawawa, ngakhale utalira bwanji. Anadikira a Zefaniya. Atafika anatenga amuna anzawo ndi nyali, anawomba m'manja pa khomo la msitu, kupepesa, n'kulowa.

Sanakhalitse. Anatuluka zipewa zili m'manja.

Akuti anapeza nsungwi itazikidwa kumutu kwa manda a Nagama, yoongoka, dothi lopondedwa bwino m'mbali mwake. Eriyo inali italoza pa mpata wa nthambi, ndipo ukaima pamenepo kagetsi kofiira ka pa phiri kankaoneka bwinobwino. A Laisoni anali atakhala pansi, msana utatsamira nsungwi, manja pa maondo, ngati munthu amene wamaliza ntchito ndipo akupumula. Analibe bala. Anali atazizira kale.

Amayi powabweza a Felesiya anadutsa pa nyumba ija. Munkamveka kwaya ikuimba, mawu omveka bwino, osadukaduka, ndipo kuwala kwa chithunzi kunkavina pa khoma. Kachidutswa ka nthambo kanali lendee pa zenera. Dorika anakoka chitseko osayang'anamo. Palibe amene analowa kukazimitsa kanemayo, anangozima yekha batire itatha.

Kutacha a Zefaniya anaitana a Felesiya kuti ayende nawo. Sanawakalipire. Anayambira pa zenera, kudutsa bwalo, kudutsa mtengo wa mango, kutsika ndi kanjira. Pansi panali mzere wokha m'fumbi. Anayenda mpaka kupitirira chulu chija, m'pamene anaipeza nsonga yodulidwa ndi mpeni itagona mu udzu. Kuchokera pamenepo nthambo inapita yowongoka mpaka kumanda.

A Zefaniya anacheuka kuyang'ana ku nyumba, mtunda wonse umene anayenda wopanda nthambo.

"Yonse ija, ndi yatsopano yomwe, inaperewera chonchi," anatero. "Akanathera pa mtsinje, mayi. Tsidya lino."

A Felesiya anakhala pansi pomwepo, pa mame. Analira mpaka mawu anatha, ndipo a Zefaniya anawadikira.

Thobwa lija linamwedwa pa maliro. Ankhoswe omwe anabwerera kusudzula anakhala pansi kukambirana za manda. A Felesiya anadzikoka, maso atatupa, n'kukagwada pamaso pa akuluakulu. Anati sakufuna mbale, sakufuna bulangete, sakufuna kanthu kalikonse ka m'nyumbamo. Angowapatsa mchimwene wawo akamuike ku Kasinje, pambali pa mayi ake. Anati kunoko anadzera iyeyo basi.

Akuluakulu anayang'anana. Anayankha ndi a Zefaniya, ndipo nawonso misozi inali m'maso.

"Tikupatseni bwanji, mayi? Sitinamusudzule. Akadali wa Nagama."

Anamuika madzulo omwewo, pambali pa mkazi wake. A Felesiya anakwera minibasi ya ku Kasinje okha.